Injini Yopuma Mpweya wa ku Joni

Yauluka, anzanga, yauluka ndithu! Ndege ya amalume anga a Zuze, ija mumaiseka mukamadutsa pa garaja popita kusukulu, ija Esinati ankati ndi khola la nkhunda lomera mapiko, lero m'mawa yanyamuka pa dambo la kuseri kwa msika, yazungulira pamwamba pa minda ya nzimbe, yakhotera cha ku Shire, n'kudzatera bwinobwino popanda ndi tayala lomwe kuphulika. N'chifukwa chake simunandione m'kalasi, ndipo chilango cha Lolemba ndachilandira kale ndi manja awiri. Ndikulemba mothamanga, chifukwa ndikachedwa mudzamva zokhotakhota kwa anthu a pamsika. Koma musanaombe m'manja, imvani kaye chimene chinaigwira ndege ija chilimwe chonsechi. Sichinali chinthu chomasula ndi sipanala ayi.

Ndegeyo anaiyamba anthu awiri, a Zuze ndi akulu awo a Jowaki. A Zuze anagwirapo ntchito ku kampani ya nzimbe, yokonza tindege topopera mankhwala, ndipo woyendetsa wina wamtima wabwino anawaphunzitsa kuulutsa. Koma mwini maloto anali a Jowaki. Thupi la ndege anamanga limodzi, n'kuikamo mipando iwiri yogundana mapewa. Chinatsala ndi injini. A Jowaki atapita kukagwira ntchito ku Joni, anapeza injini ya galimoto yakale, ya mtundu wosowa, yopanda mapisitoni. M'kati mwake mumangozungulira chitsulo cha ngodya zitatu. N'njaing'ono, yopepuka, koma ikalira agalu amasamuka m'mudzi. Anaikhomera m'bokosi, n'kuikweza lole yobwera kuno, n'kunena kuti iwo atsatira nyengo yozizira ikatha.

Sanatsatire. Chifuwa chinawagwira m'kachipinda kawo kozizira, ndipo pamene uthenga unkafika kuno, anzawo anali atawaika kale m'manda komweko. Kuno tinalira maliro opanda bokosi. Bokosi limene linafika pambuyo pake linali la injini. A Zuze analitsitsa pa lole, analikokera pakona ya garaja, n'kulifunditsa chiguduli. Linakhala pamenepo mpaka chaka chino, pamene anadzilimbitsa mtima n'kulitsegula.

Injini inalowa m'malo mwake ngati inabadwira momwemo. Vuto linabwera ndi kageji kamodzi. Kutsogolo kwa woyendetsa kuli geji yaing'ono ya muvi, yonena ngati petulo ndi mpweya zikusakanikirana bwino. Muvi ukaima pakati, injini ikudya mwa muyeso. Ukagwera kumanzere, petulo wachuluka, mpweya wachepa. Ukagwera kumanja, petulo ndiye wachepa, ndipo injini ikhoza kupsa munthu ali m'mwamba.

A Zuze ankaimangirira ndege ku mtengo wa msangu ndi chingwe cha lole, n'kuiliza. Poyamba muvi unkaima pakati mwaulemu. Injini ikangotenthera, unkayamba kupendekera kumanzere pang'onopang'ono, ngati munthu wosinza pa benchi la m'tchalitchi, mpaka kukagona kumapeto. Injini n'kuyamba kutsokomola, ekizozi n'kulavula utsi wakuda. Akamasula mapulagi ankawapeza ali bii ndi mwaye.

Anayamba ndi kukayikira gejiyo. Mu ekizozi muli kachipangizo konunkhiza utsi, kamene iwo amangokatchula kuti kamphuno. Anaganiza kuti katsekeka ndi oyilo amene amathira mu petulo, poti injini ya mtunduwu imafuna choncho. Anaika kena. Chimodzimodzi. Anachepetsa oyilo. Chimodzimodzi. Anapala waya aliyense wopita ku batire mpaka kunyezimira, anatsuka fyuluta ya mpweya, kenako anaichotseratu kuti injini ipume kukamwa kuli yasa. Timipopi tothira petulo anatiyesa m'mabotolo, ndipo tonse tinkathira mofanana. Anabwereka geji ina kwa mnzawo wakale wa ku kampani, koma mageji awiriwo anangogwirizana ngati mboni zopangana.

Chimene chinkawatopetsa kwambiri n'chakuti khalidwe limeneli ankalidziwa. Injini imachita choncho ikakwera m'mwamba kwambiri, kumene mpweya ndi wopyapyala. Koma kuno kuchigwa, inu mukudziwa, mpweya ndi wolemera ngati bulangete lonyowa. Tsiku lina maso awo anagwera pa geji ina, ija yoonetsa kuti ndege yakwera kufika pati. Muvi wake unali kukwera. Matayala ali pa fumbi, chingwe chili ku msangu, nkhuku zikupalasa pansi pa mchira, koma geji ikunena kuti ali pamwamba ngati pa phiri la Zomba. Atazimitsa injini, muvi unatsika wokha. Anaigogoda ndi chala, n'kudziuza kuti ndi kugwedera chabe.

Akanatha kuchepetsa petulo kuti alingane ndi mpweya wochepawo. Anayesa, muvi unabwerera pakati, koma pulopela inkakoka mofooka ngati ng'ombe ya m'chilala. Ndipo ankadziwa kuti mpweya weniweni ukadzabwerera mwadzidzidzi ali m'mwamba, injini idzapsa, iwo n'kugwera mu nzimbe za eni. Akuluakulu oona za ndege atabwera kudzaiyendera, anasirira mapiko, anasirira mawotcheredwe, n'kunena kuti chatsala n'chimodzi: muvi uwo ukhale pakati.

Miyezi inapita choncho. A Zuze anaonda, lamba n'kuboola bowo lina. Njinga zamoto za anthu zinkagona pa garaja osakhudzidwa. Ana ankawatsatira atatambasula manja, akutsokomola motsanzira injini, ndipo azibambo a pa bawo ankafunsa ngati matikiti a ku London ayamba kugulitsidwa. Iwo ankangomwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Tsiku lina anauza akazi awo, a Dominga, kuti mvula yoyamba ikagwa ndege isanauluke, dambo n'kusanduka matope, adzaiphwasula ndi manja awo omwe. Malata adzakhomera khola la mbuzi, injini adzakaiponya mu Shire. A Dominga anali atadikira mawu amenewa zaka zambiri, koma atawamva sanakondwe. Anaona kuti amuna awo akulankhula ngati munthu wokonza maliro achiwiri.

Tizinthu tina tinali titayamba kale, koma aliyense ankatisunga mumtima. Mbuzi zimene zinkalimbirana mthunzi wa pansi pa phiko zinaleka kufikapo, zinkalolera kuima padzuwa. Tiyi wa a Zuze, akamuika pa mpando wa m'ndege, ankazizira asanamwe pakamwa pachiwiri. Injini ikalira, m'garaja munkamveka fungo lachilendo, la utsi wa malasha amiyala ndi palafini, ngati kwinakwake anthu akuotha moto atatseka mazenera. Sipanala yawo yokondedwa inkasowa pa tebulo, n'kukapezeka pa mpando wachiwiri, yozizira ngati yachokera m'firiji. Pa chilichonse a Zuze anali ndi yankho. Paipi yokoka mpweya imazizira yokha, ankatero. Fungo likuchokera ku fakitale. Sipanala ndaiiwala ndekha, ukalamba. Koma mayankhowo ankawanena motsitsa, osayang'ana munthu.

Kenako anthu anayamba kukamba za munthu wa chijekete.

Esinati, usaseke. Kunali m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, phula la pamsewu likuchita kumata nsapato. Woyamba kumuona anali wokwera njinga wina, kenako amayi ochokera ku mjigo. Munthu wamtali, atavala chijekete chokhuthala chotseka mpaka m'khosi, chipewa choluka atachikokera mpaka m'maso, manja atapisa m'khwapa, akuyenda m'mphepete mwa msewu mosathamanga. Palibe amene anaona nkhope yake bwinobwino. Aliyense ankati dzuwa linamuthobwa m'maso. Ndipo ankaoneka nthawi imodzi yokha, injini ikamalira ku garaja.

A Dominga amagulitsa nsomba zouma pamsewu. Tsiku limenelo anali atawerama akukulunga nsomba m'pepala pamene mthunzi unaima pa lichero lawo, mapazi awo n'kumva kuzizira ngati aponda m'madzi a m'mamawa.

"Mayi, mtsinje tawoloka uti?"

Mawuwo anali otopa, a munthu amene wafunsa funso lomwelo kwa anthu ambiri. A Dominga anadzutsa mutu kufika pachifuwa pake pokha. Anaona nthunzi ikutuluka m'kamwa mwake, yoyera, monga imachitira mu Juni kumapiri. Munthuyo anadikira pang'ono, ngati wozolowera kusayankhidwa, n'kupitirira kulowera ku garaja. Ku garajako injini inatsokomola n'kuzima, ndipo atayang'ananso, pamsewu panali fumbi lokha.

Anapita kunyumba osatsanzika anzawo. Anapeza a Zuze atakhala pa tayala, mapulagi akuda ali m'manja.

"Bambo a Lusiya, munthu wa chijekete uja amayenda ngati alamu anga a Jowaki."

"Akufa savala jekete, mayi."

"Nanga geji yanuyo imakwera phiri ndi miyendo yanji?"

A Zuze anapitiriza kupukuta pulagi imene inali itayera kale.

Mitambo inayamba kusonkhana cha kumapiri a Thyolo. Masana alionse inkada, kugunda, n'kubalalika, ngati ikuwachenjeza. A Zuze analeka kumasula zinthu. Panalibenso choti amasule. Ankangoiliza injini, n'kuyang'ana muvi ukugwa, n'kuizimitsa, n'kukhala.

Ndi m'masiku amenewo pamene minibasi yokoka ngolo inaima pa garaja, lamba wa injini ataduka. Woyendetsa wake anali a Khembo, bambo wamimba, woseka ndi thupi lonse, amene ntchito yawo ndi kutenga maliro a anthu athu ofera ku Joni n'kuwafikitsa kwawo. Ataona mapiko anaseka mpaka kugwira bondo, n'kuyamba kuwatchula a Zuze kuti bwana pailoti. Anachonderera kuti ailize, akasimbe ku Nsanje. A Zuze anailiza mongofuna kuti munthuyo asiye kuvuta.

Muvi utayamba kugwa, fungo lija n'kudzaza garaja, kuseka kwa a Khembo kunatha. Ananunkhiza kawiri. Anabwerera m'mbuyo mpaka kumsewu, n'kuvula kapu. Injini itazima anafunsa motsitsa kumene inachokera, amene anaikweza pa lole, ndiponso ngati munthuyo ali moyo. A Zuze anayankha zonse. Ndipo a Khembo anafunsa kuti ndani ankalankhula panjira.

A Zuze sanamvetse funsolo, choncho a Khembo anafotokoza. Anati pa ntchito yawo sanyamuka popanda wachibale wokhala pafupi ndi bokosi, woti aziuza malemu pa mtsinje uliwonse kuti tawoloka wakuti, tikupita kwanu. Wakufa saona njira. Mukapanda kumuuza, amatsalira pamene anamva mawu omaliza, ndipo galimoto imakana. Anati anaonapo minibasi yatsopano ikuzima pa mlatho popanda chifukwa, mpaka mlongo wa malemu atatsika n'kupepesa. Fungo ili, anatero, ndi la m'makomboni a ku Joni m'nyengo yozizira, ndipo dziko lija lili pamwamba, mpweya wake ndi wochepa.

A Zuze anati pa lole panalibe maliro, panali injini basi.

"Bwana pailoti," anatero a Khembo, "munthu akalakalaka kwawo amakwera chilichonse cholowera kumeneko. Akulu anu anakwera. Koma palibe anawauza kuti lole yanyamuka."

A Zuze ndi munthu wa sipanala, ndiponso amaimba kwaya. Tsiku lina akanatsutsa. Koma anali atatopa moti ngakhale mphamvu yotsutsira analibe. Iwo sanapondeko ku Joni, ndiye a Khembo anawaphunzitsa njira yonse, mtsinje ndi mtsinje, iwo akubwereza ngati mwana wa Sitandade 1, a Dominga akumvetsera ali pakhomo. Anawachenjeza kuti asadumphe mtsinje, asacheukire ku mpando wachiwiri, ndipo pomaliza anene kuti tafika, tsikani. Lamba atalowa, a Khembo anapita kuseri, anagogoda ngolo yawo mofatsa n'kuiuza kuti mayi, tachedwa pang'ono, koma tikupitiriza. Minibasi inalira kamodzi n'kupita.

Madzulo ake, dzuwa litapendeka, mitambo ili bii cha kum'mawa, a Zuze anakwera m'ndege. A Dominga anaima patsogolo chapatali, pamene amuna awo akanatha kuwaona. Injini inalira, inatenthera, muvi unagwera kumanzere, ndipo kuzizira kunalowa m'kachipinda ka woyendetsa mpaka zala kuuma. Mpando wachiwiri unalira kwee, monga umachitira munthu akakhalapo. A Zuze anayang'ana pa geji pokha.

"Achimwene, ndine Zuze. Lole yanyamuka. Tiyeni kwathu."

Mawu awo sankamveka ndi phokoso, koma analankhulabe. Anati tawoloka Limpopo, Joni watsala m'mbuyo. Muvi unanjenjemera. Anatchula mitsinje ya m'Zimbabwe umodziumodzi monga anaphunzitsidwira, ndipo muvi unkadzuka pang'ono, n'kugwanso, n'kudzukanso, ngati wodwala akuyesa kukhala tsonga. Atanena kuti tawoloka Zambezi, pano ndi pa Tete, mphepo yotentha inawaomba kumaso, injini n'kuyeretsa mawu ake kwa kanthawi. Anadutsa chipata cha Mwanza, muvi utapendekanso poti kumeneko n'kumtunda. Kenako anati tawoloka Shire.

Pamenepo anapupuluma. Kwa munthu wa kuchigwa, Shire ndi kwathu. Anaiwala zonse, n'kufuula kuti achimwene tafika.

Injini inatsamwa. Ndege yonse inagwedezeka, chingwe cha ku msangu chinakhwefuka, utsi wakuda unaphimba mchira. Kuzizira kunabwerera kuposa kale, ndipo pa phewa lawo lakumanja panatsamira chinthu cholemera, chofewa ngati nsalu yokhuthala. Pafupi ndi khutu lawo anamva kupuma, kofupika, kwa munthu wa chifuwa. Khosi linkafuna kucheuka lokha. Analikaniza. Kudzera mu pulopela yozungulira mofooka anaona a Dominga atakweza zala ziwiri m'mwamba, akuzigwedeza ngati akuimitsa basi.

A Dominga kale ankakapikula manachesi ku Mwanza. Ankadziwa kuti wochokera kumeneko amawoloka Shire kawiri.

"Pepani achimwene, ndanama. Apo ndi pa Zalewa chabe. Khalani bwino, ulendo ulipo."

Kulemera kuja kunachoka paphewa. Anawadutsitsa mu Blantyre osaima. Atanena kuti tsopano tikutsika Thabwa, makutu awo anatseka, kenako anati phu, monga amachitira munthu akamatsika phirilo pa basi, chonsecho matayala ali pa fumbi la pa garaja. Muvi wa geji ya kukwera unatsika, unatsika, mpaka pansi. Anati tawoloka Shire wathu, pa mlatho wa ku Chikwawa, onani ng'ona zanu zija. Anatchulanso kamtsinje kouma ka kuseri kwa sukulu yathu, kamene a Khembo sakadziwa, komwe awiriwa ankakumba madzi ali ana. Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi mwawo. Fungo la malasha linatha, m'malo mwake munalowa fungo la nzimbe zopsa ndi ndowe za mbuzi. Muvi wa petulo ndi mpweya unaima pakati, njo, ndipo injini inaimba mawu amodzi osalala amene sanawamvepo chiyambire.

Anatsala mawu omaliza, oti tsikani. A Zuze anatsegula pakamwa, koma anakumbukira amene anajambula mapiko amenewa pa dothi ndi kamtengo, zaka zija.

"Tafika, achimwene. Mukafuna kutsika, tsikani. Mukafuna kukhala, mpandowo ndi wanu."

Anazimitsa injini, n'kukhala momwemo nthawi yaitali, nkhope ili m'manja. A Dominga sanawafulumize. Mvula inagunda cha ku Thyolo koma kuno sinagwe. Mbuzi imodzi inabwera, inanunkhiza tayala, n'kugona pansi pa phiko.

Masiku otsatira anailiza m'mawa, masana, madzulo, muvi uli pakati osasuntha. Akuluakulu aja anabweranso, anayang'ana, n'kuvomera. Munthu wa chijekete sanaonekenso pamsewu. Ndiye lero, anzanga, lero! Anaikankhira ku dambo anthu a pa bawo omwe aja, amene ankafunsa za matikiti, ndipo amalume asanakwere anamanga lamba wa mpando wachiwiri ngakhale panalibe munthu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaseka. Inathamanga, fumbi lili koboo, inadumpha kamodzi, kawiri, kenako pansi pa matayala panaoneka kuwala, msika wonse n'kusiya malonda, amayi kululutira, agalu kuthawira ku Shire, azakhali a Dominga atagwira pakamwa ndi chitenje mpaka inatera.

Amalume atatsika ankaseka ndi mbali zonse ziwiri za pakamwa. Anati muvi sunasunthe ngakhale pang'ono, kungoti ndege inkapendekera kumanja pokhota, ngati wina akusuzumira pawindo kufuna kuona denga la kwawo. Pa mpando wachiwiri, pansi pa lamba womanga uja, panali chipewa choluka, chonyowa ndi thukuta. Titabwerera ku garaja tinapeza chijekete chokhuthala chili pa nthambi ya msangu, chokolekedwa bwinobwino, monga amachitira munthu amene wafika pakhomo n'kumva kutentha. Azakhali achichapa, chili pa chingwe panopa.

Mawa iulukanso m'mawa, mvula ikalola, ndiye bwerani nonse, Esinati, Dolika, ngakhale iwe Marita amene unati udzadya nsapato yako, ubwere nayo. Mufike dzuwa lisanakwere, muime kumbali ya msika kuti fumbi lisakupezeni. Chinthu chimodzi chokha: musapemphe kukwera. Mpando wachiwiri uli ndi mwini wake. Mukafika pafupi ndi phiko lakumanja, mungoomba m'manja pang'ono n'kunena kuti takulandirani, chifukwa munthuyo wachokera kutali.